Mafunso ndi mayankho: ulendo wa ku nyanja yamchere ku Vilankulo ndi Inhassoro kuchokera ku Harare

Ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, kaya tili ku Mufakose, ku Highfield, ku Mbare kapena ku Epworth, tikamva za nyanja mtima umathamangira ku Mangochi ndi ku Nkhotakota kumene makolo athu ambiri anachokera. Komatu gombe la Mozambique lili pakhomo pathu pomwepa. Chibwerereni kumeneko ndi banja langa, abale akhala akundiimitsa pa tchalitchi ndi pa misonkhano ya bungwe lathu la maliro kufunsa mmene tinayendera. Mafunso amene amabwera kawirikawiri ndawasonkhanitsa pano.

Tipite kuti kwenikweni, ku Beira kapena kupitirira?

Ngati cholinga ndi kungoona nyanja yamchere ndi maso n'kubwerako, Beira akukwanirani. Kuchoka ku Harare ndi makilomita pafupifupi 560, kutanthauza kuti Beira ali pafupi kuposa Blantyre. Koma Beira ndi mzinda wa doko, ndipo madzi ake amakhala odera chifukwa cha matope amene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imatsanulira m'nyanja pamenepo. Madzi oyera mbee amene mumaona pa zithunzi ali kum'mwera, m'chigawo cha Inhambane, ku Inhassoro ndi ku Vilankulo, moyang'anizana ndi zilumba za Bazaruto.

Inhassoro ndi tauni yaing'ono, yabata, ndipo a ku Zimbabwe okonda kuwedza akhala akupitako kuyambira kale. Vilankulo ndi yokulirapo: kuli mabanki, msika waukulu, chipatala, bwalo la ndege ndi malo ogona a mitengo yosiyanasiyana. Kwa banja lopita koyamba, makamaka lokhala ndi ana kapena agogo, ine ndimati yambani ndi Vilankulo.

Njira yake ndi iti, ndipo ndi ulendo wa maola angati?

Mumadzera ku Marondera ndi Rusape mpaka ku Mutare, makilomita pafupifupi 260. Mukatuluka pa chipata cha Forbes mwalowa ku Machipanda. Kuchokera apo mutsata msewu wa N6 kudutsa Manica ndi Chimoio mpaka pa mphambano ya Inchope. Wopita ku Beira amangopitirira, koma inu mukhotera kumanja kulowa msewu wa N1, kudutsa Muxúngue, kuwoloka mtsinje wa Save (womwe uja wa kwathu kuno ku Zimbabwe, koma kumeneko wakula zedi), kenako mupeza pokhotera ku Inhassoro. Pokhotera ku Vilankulo ndi pa Pambarra, ndipo pamatsala makilomita 20 kuti mufike ku gombe. Ulendo wonse umapitirira pang'ono makilomita 800.

Musawerengere maola poyang'ana makilomita okha. Chigawo cha pakati pa Inchope ndi Save chakhala chikudziwika ndi maenje akuluakulu kwa zaka zambiri, ndipo malo ena galimoto imayenda ngati ngolo. Ife tinagona ku Chimoio n'kulawira tambala woyamba. Ndikukupemphani, musayende usiku mumsewu umenewu. Mumakhala malole opanda nyale zakumbuyo, anthu oyenda pansi, mbuzi, ndipo dzenje mumaliona mutalowamo kale. Thirani mafuta odzaza ku Chimoio kapena pa Inchope.

Nanga amene tilibe galimoto?

N'zotheka ndithu. Kwerani basi ya ku Mutare pa Mbare Musika, mukatsikire ku Sakubva, mupeze galimoto yopita pa Forbes. Mukawoloka wapansi, ku Machipanda mupeza maminibasi amene kumeneko amawatcha chapa, opita ku Chimoio. Mabasi olowera kum'mwera amanyamuka ku Chimoio kusanache, choncho gulani tikiti madzulo ake ndipo muwauze kuti mukatsika pa Pambarra. Pamenepo chapa china chikakufikitsani m'tauni. Ndege zopita ku Vilankulo zimachokera ku Johannesburg ndi ku Maputo, koma mtengo wake si wa anthu ambiri.

Tikufunika viza? Ine chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo.

Wokhala ndi pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi safunika viza akamapita kukacheza kwa masiku owerengeka. Akakudindirani pa Machipanda, musachoke pa zenera musanayang'ane chidindocho ndi masiku amene akupatsani, chifukwa wopitiriza masiku amalipitsidwa potuluka.

Funso lachiwirili ndi limene limandikhudza mtima. Alipo ambiri pakati pathu obadwira mommuno, m'mapulazi ndi m'migodi, amene zitupa zawo zili ndi chilembo cha A, ndipo anangodziuza kuti pasipoti si ya iwo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa ndime 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mommuno, ndi nzika yobadwa. Pitani ku ofesi ya kalembera ku Makombe ndi kalata yanu yobadwira mukasinthitse chitupa, kenako mufunsire pasipoti. Yambani miyezi ingapo ulendo usanafike. Amene muli nzika za Malawi, nkhani ya pasipoti mukaiyambira ku ofesi ya kazembe wa Malawi mu Harare momwemuno.

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake. Tengani kalata yake yobadwira, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, pakhale kalata yolumbirira yochokera kwa kholo lotsala.

Galimoto imafuna mapepala anji pa boda?

Buku la galimoto, laisensi yanu, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndi chilolezo cha ZIMRA chotulukira nayo kwa kanthawi. Ngati galimoto si ya dzina lanu, mwini wake alembe kalata yolumbirira. Mbali ya Mozambique mukalemba chilolezo cholowetsera galimoto, ndipo mukagula inshuwalansi ya kumeneko imene amati seguro. Yellow Card ya COMESA imene timayendera ku Malawi ndi ku Zambia sigwira ntchito, pakuti Mozambique sali mu COMESA. Mukhale ndi matirayango awiri ndi chovala chonyezimira. Amayendetsa kumanzere ngati ife, ndipo mukaona chikwangwani cha 60 polowa m'mudzi, mverani, apolisi amakhala chapafupi. Pa N6 pali zipata zolipira, ndiye sungani ma metical ang'onoang'ono.

Pa boda anyamata adzakuzingani kuti akuthandizeni. Pasipoti yanu musaipereke m'manja mwa munthu amene sali kuseri kwa zenera la ofesi.

Tikafika, tikafunse kuti? Kodi kuli ofesi yothandiza alendo?

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ulendo umakoma kapena kuipa malinga ndi amene mwamufunsa. Boma la Mozambique lili ndi bungwe loona za alendo, koma ntchito yake yaikulu ndi kutsatsa dziko ndi kuyang'anira mahotela. Zimene banja limafuna kudziwa m'mawa uliwonse mumazipeza pa makomo atatu.

Khomo loyamba ndi ofesi ya paki ya Bazaruto m'tauni ya Vilankulo. Zilumba zija ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuyambira 2017 bungwe la African Parks limaziyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa yotchedwa ANAC. Aliyense woponda pa chilumba amalipira ndalama yolowera. Ku ofesiko mukafunse mtengo wa tsikulo, muonetse pasipoti kuti akuuzeni gulu la olipira limene muli, mufunse za ana, za malo ololedwa kuwedza, ndiponso ngati mwini bwato amene mwapangana naye ndi wodziwika kwa iwo. Lisiti musataye, alonda a paki amalifunsa pa chilumba.

Khomo lachiwiri ndi pamene mwagona. Wolandira alendo pa loji, ngakhale yaing'ono, amadziwa nthawi imene madzi a m'nyanja amadzaza ndi kuphwera, bwato lodalirika, banki imene makina ake akutulutsa ndalama lero, ndi dokotala amene angaone mwana usiku. Mufunseni madzulo omwe mwafika, musadikire mawa. Mayi amene anatilandira ife anatenga pepala n'kutilembera maola a madzi a masiku onse anayi, natiuzanso mtengo umene anthu a komweko amagulira nsomba kuti tisadyeredwe masuku pamutu.

Khomo lachitatu ndi makampani a maboti ndi a zosambira pansi pa madzi amene ali ndi maofesi ooneka, chikwangwani ndi buku la malisiti. Amayankha mafunso ngakhale simunagule kanthu.

Tsiku lathu lachiwiri tinakumana ndi mnyamata wina pa gombe, wa Chingerezi chosalala, atanyamula kabuku ka zithunzi za zilumba. Anatitchulira mtengo wotsika, tinamupatsa theka la ndalama. M'mawa mwake bwato linalipodi, koma ndalama ya paki inalibe pa mtengowo, ndipo majekete oyandamitsa anali atatu okha pamene ife tinali asanu ndi awiri. Tinakana kukweza ana, theka lija linapita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mafunso ake ndi ochepa: mtengowu ukuphatikiza ndalama ya paki? Chakudya ndi madzi akumwa? Majekete alipo okwana aliyense, ndi a ana omwe? Bwato lili ndi injini kuwonjezera pa thanga? Tibwera nthawi yanji? Musalipire musanalione bwatolo ndi maso anu.

Magulu a pa WhatsApp ndi Facebook a anthu oyenda mu Mozambique amathandiza pa nkhani ya msewu, bola muyang'ane tsiku limene uthengawo unalembedwa. Za ziphaso funsani ku ofesi ya kazembe wa Mozambique mu Harare kapena ku ofesi yawo ya ku Mutare.

Ife tinakulira ku nyanja ya Malawi. Pali chosiyana?

Chilipo chachikulu, ndipo odziwa kusambira ndi amene ayenera kumvetsera kwambiri. Nyanja ya Malawi ukaisiya m'mawa umaipeza pomwepo madzulo. Nyanja yamchere imapuma: madzi amadzaza n'kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, kudzaza ndi kuphwera kumakula koposa.

Amayi anga anabadwira ku Nkhotakota, anabwera ku Harare ali mtsikana. Tinafika ku Vilankulo madzulo madzi atadzaza mpaka pa mizu ya mitengo ya kokonati. Anavula nsapato, anakwinya chitenje, analowa mpaka m'mawondo, anatapa madzi ndi dzanja n'kulawa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, ndiye ndi zoonadi." Kutacha anabwera kudzandidzutsa ali ndi mantha, akuti nyanja yathawa. Pamene panali madzi panali mchenga wonyowa wotambalala kutali, ngalawa zitagona chammbali, amayi a komweko atawerama ndi mabeseni akutola nkhono, tinkhanu tikuthamanga kulowa m'mauna. Pofika madzulo madzi anali atabwerera mwakale.

Madzi saiwala khwawa. Akamabwerera amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu, inu muli pa mchenga wouma kutsogolo, ndipo mukamatembenuka mupeza njira yatsekeka. Ana asapite okha kutali madzi ataphwera. Pakati pa zilumba madzi amakoka mwamphamvu, choncho sambirani pamene mwini bwato wakulozerani. Valani nsapato zapulasitiki chifukwa pansi pamakhala zigoba zakuthwa ndi tizilombo taminga. Dzuwa la kumeneko limawaula ngakhale khungu lathu lakudali, makamaka mapewa a ana. Chipewa, malaya ndi madzi akumwa ambiri zisasowe.

Ku zilumba kuli chiyani, ndipo n'koyenera ndalama zake?

Ngati thumba likulola ulendo umodzi wokha wapadera, ukhale umenewu. Zilumba zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangué. Magaruque ndi chapafupi ndi Vilankulo ndipo ndi chimene ngalawa zathanga zimakonda kupitako, pomwe Santa Carolina amachifikira bwino kuchokera ku Inhassoro. Pa Bazaruto pali mapiri a mchenga wokhawokha. Kukwera kumatopetsa, phazi limamira, koma ukafika pamwamba umaona madzi a mitundumitundu, obiriwira apa, abuluu apo, ndi nyanja zing'onozing'ono za madzi opanda mchere mkati mwa chilumba momwe muli ng'ona. Pakati pa Bazaruto ndi Benguerra pali matanthwe a pansi pa madzi otchedwa Two Mile Reef, pamene munthu wovala galasi la kumaso amaona nsomba zamawangamawanga ngati zitenje.

M'madzi amenewa mumakhala akamba a m'nyanja ndi nyama yosowa kwambiri yotchedwa dugong, imene imadya udzu wa pansi pa nyanja ndi kuyamwitsa ana ake. Gulu la ku Bazaruto ndilo lalikulu limene latsala ku gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Kuiona ndi mwayi, musamukakamize mwini bwato kuti aithamangitse. Pa zilumbazi pamakhalanso mabanja a asodzi, ndi kwawo, choncho pemphani musanajambule munthu.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mvula kulibe, kutentha n'kwachikatikati, udzudzu umachepa, ndipo cha m'ma Julayi mpaka Okutobala anamgumi amadutsa kufupi ndi zilumba. Tchuthi cha sukulu cha Ogasiti chimagwirizana bwino ndi nyengo imeneyi.

Ambiri timafuna Disembala chifukwa ndi pamene bonasi yalowa, koma ndi nthawi yotentha kwambiri, malo ogona amadzaza ndi alendo a ku South Africa, mitengo imakwera. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe. Favio anaphwasula Vilankulo mu Febuluwale 2007. Idai tonse tikumukumbukira, anagunda Beira mu Malichi 2019 n'kudzatilirisa ku Chimanimani. Freddy anatera kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023 asanabwerere kukapha abale athu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mwezi wotsatira. Ngati mukupitabe m'miyezi imeneyi, tsatirani zanyengo tsiku ndi tsiku, ndipo mufunsiretu ngati malo ogona adzakubwezerani ndalama ulendo ukalephereka.

Malungo aliko?

Aliko chaka chonse. Harare ali pamtunda ndipo ana obadwira kuno ambiri sanadwalepo malungo, choncho akawagwira amawagwetsa msanga. Inunso amene munachoka kumudzi kalekale, thupi linaiwala. Pitani kuchipatala musananyamuke akulembereni mankhwala oteteza. Tengani neti yanu ngakhale atakuuzani kuti m'chipinda ilimo. Mukabwerako, wina akatentha thupi ngakhale patapita milungu ingapo, muuzeni dokotala kuti munali ku gombe la Mozambique kuti ayeze magazi tsiku lomwelo.

Tikalankhula chiyani? Chichewa amamva?

Chinyanja chimalankhulidwa ku Tete ndi ku Niassa, osati ku gombe kuno. Kuchokera pa Machipanda mpaka Chimoio Chishona chanu chikuyendetsani bwinobwino. Ku Beira mukamva Chisena ndi Chindau, ndipo m'Chisena mutolamo mawu ambiri odziwika. Ku Vilankulo anthu amalankhula Chitswa ndi Chipwitikizi, pomwe Chingerezi chimapezeka m'maloji ndi kwa eni maboti. Phunzirani mawu ochepa: bom dia m'mawa, boa tarde masana, quanto custa pofunsa mtengo, ndipo pothokoza abambo amati obrigado, amayi amati obrigada. Moni amatsegula pakamwa pa munthu kulikonse.

Ndalama ndi foni tichite nazo bwanji?

Ndalama yawo ndi metical, ndipo zaka zaposachedwapa dola imodzi ya America yakhala ikusinthidwa pa ma metical pafupifupi 64. Tengani madola atsopano osang'ambika, musinthe ku banki ku Chimoio kapena ku Vilankulo. Osintha a m'mbali mwa msewu pa boda manja awo ndi achangu kuposa maso anu. Gulani layini ya Vodacom kapena Movitel, amalembetsa ndi pasipoti, ndipo mutha kugwiritsa ntchito M-Pesa kapena e-Mola monga timachitira ndi EcoCash. Ndalama musaike malo amodzi.

Tikadya chiyani? Agogo sadya popanda nsima.

Agogo asade nkhawa, nsima iliko, amaitcha xima. Ndiwo yotchuka ndi matapa, chimene ndi chigwada chathu chomwechi, chosinja, chotendera nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, nthawi zina amaikamo nkhanu. Amayi anga analawa n'kupempha kuti alowe kukhitchini akaone mmene amafinyira kokonatiyo. Buledi wawo wotchedwa pão amagulitsidwa wotentha m'mawa, ndipo ndi tiyi ana amakhuta ndi ndalama yochepa.

Chotchipa kwambiri kwa banja ndi kupeza malo okhala ndi pophikira, kunyamula ufa wanu, mafuta ndi shuga, n'kumagula nsomba pa gombe ngalawa zikamakocheza. Yang'anani maso a nsomba kuti ndi owala ndipo makha ake ndi ofiira. Tsabola wawo wa piri-piri ndi waukali, uzani wophika achepetse mu mbale ya ana. Imwani madzi a m'botolo kapena owiritsa.

Timamva za nkhondo ku Mozambique. Kuli mtendere?

Zigawenga zimene mumamva pa wailesi kuyambira 2017 zili ku Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni, makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Vilankulo. Zimene zingakhudze ulendo wanu ndi za mumsewu. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha kunali zionetsero kwa miyezi ingapo ndipo misewu ina inkatsekedwa. Choncho sabata yonyamuka imbirani kumene mukagone, muwafunse mmene N1 ilili, mufunsenso madalaivala a malole amene abwera kumene kuchokera ku Beira. M'tauni chitani monga muchitira ku Mbare: foni m'thumba, ndipo usiku musayende nokha pa gombe.

Tingatenge madzi a m'nyanja ndi zigoba kubwera nazo kunyumba?

Ndikudziwa kuti anansi adzakutumani, ife anatipatsa zigubu zitatu. Botolo la madzi otunga pa gombe la m'tauni palibe amene anatiletsa. Koma pa zilumba, poti ndi paki, simuloledwa kutola zigoba kapena kuthyola matanthwe amoyo a pansi pa madzi, ndipo musagule chilichonse chopangidwa ndi chigoba cha kamba ngakhale akutsatseni motchipa. Ngati mukufuna mphatso, ku msika wa Vilankulo kuli zitenje zimene amati capulana, mtedza wa kashu wokazinga ndi madengu oluka ndi mlaza. Botolo la madzi lija mulitseke zolimba n'kuliika m'jumbo lakelake, chifukwa likatayikira m'chikwama mcherewo umadya zipi ndi kusiya mawanga oyera pa zovala.